Ndodo ya Mizere Inayi

Kalata ija inafika Lachiwiri, ndipo pofika Lachitatu m'mawa yunifolomu yanga ndinali nditaichapa kale n'kuisita. Palibe amene anandiuza kuti wopita ndine. Ndinangodziwa, monga mmene umadziwira kuti ndiwo zimene zili pamoto m'nyumba mwako udya nawo. Kalatayo inkati kachipatala kathu ka pa esiteti katumize munthu mmodzi wa zaumoyo kuboma, akakhale sabata yathunthu pa maphunziro okumbutsa, aja timangoti rifuresha. Nkhani yake inali ya matenda obwera ndi tizilombo toluma: malungo a udzudzu, ndi matenda oyabwa amene amabwera ndi tintchentche takuda ta m'mitsinje. Munthu mmodzi basi. Nanga pa nkhani ya matenda oyabwa, pa kachipatala paja panalinso ndani woposa ine?

Ntchito ya zaumoyo ndinali nditaigwira pa esiteti ija zaka zambiri, moti ana amene ndinawapachika pa sikelo ali makanda anali atayamba kundibweretsera makanda awoawo. Chaka chilichonse mvula ikadula ndinkazungulira malayini onse, nyumba za antchito zija zondondozana m'mphepete mwa minda ya tiyi, kugawa mapiritsi a matenda oyabwa. Amene sanakulire kuno mwina sawadziwa matendawa. Timitsinje tathu tothamanga totsika m'mapiri timaswa tintchentche ting'onoting'ono timene timaluma othyola tiyi m'miyendo ndi m'mikono. Munthu amayamba kukanda, kukanda, mpaka khungu kukhakhala ngati la ng'azi, ndipo ena akakula maso amachita mdima. Mankhwala ake ndi timapiritsi toyera tomwa kamodzi pachaka, ndipo kuchuluka kwake kumatengera kutalika kwa munthu. Sikelo sitinyamula m'mapiri muno. Timanyamula ndodo.

Ndodo yanga inali ya bulugama, yowongoka bwino, yondiposa pang'ono msinkhu. Ndinaipeza pa maphunziro anga oyamba, kalekale, tsitsi lisanayambe imvi. Mphunzitsi wathu anaiyeza ndi tepi ine ndikuona, kenako ndinapenta mizere inayi ndi dzanja langali. Munthu amavula nsapato n'kuima pafupi ndi ndodo. Mutu ukafika pa mzere woyamba, piritsi limodzi. Ukafika pa wachiwiri, awiri, choncho mpaka anayi. Wosafika pa mzere woyamba sapatsidwa kanthu, akadali wamng'ono, adikire chaka china. Zaka sitinkazifunsa kwambiri, chifukwa m'malayini mayi amatha kukuuza zaka zitatu lero, mawa zisanu, malinga ndi zimene ukugawa. Ndodo ndiyo inkaweruza, ndipo mawu amene ndinkakonda kunena pagulu anali akuti ndodo sinama.

M'malayini ankanditchula amayi a ndodo. Nsonga yake inkaonekera pamwamba pa tiyi ine mwini ndisanatulukire, ndipo anthu ankayamba kutsuka makapu a madzi. Sindinkaisiya kunyumba ngakhale miyezi yosagawa mapiritsi. Bondo langa lamanzere litayamba kuvuta, inasanduka mwendo wanga wachitatu. Amene anatsikapo zitunda za kumbali ya Mphuka pa chiperoni, dothi lofiira likuterera ngati therere, andimvetsa. Ndinkaitsamira potsika, kuyesera kuya kwa madzi powoloka, kugwetsera mapeyala, ndipo kamodzi ndinaphera njoka kuseri kwa fakitale. Pa msewu wa miyala inkalira go, go, go, agalu n'kundizindikira. Ulendo wogawa mapiritsi unali wanga. M'moyo sindinakhale ndi zambiri zoti ndinene kuti izi ndi zanga, koma ulendo umenewu ndi dzina limene unandipatsa sindinkafuna kuti wina azikhudze.

Lachinayi a inichaji, namwino wamkulu amene ankayang'anira kachipatala kathu, anandiitanira mu ofesi. Ndinalowa ndikumwetulira kale.

"Mayi, khalani pansi," iwo anatero. "Ku rifuresha kuja taganiza kuti apite mnzanu wamng'onoyu."

Mnzanga wamng'onoyo anali mtsikana wa ku Goliati amene anabwera kudzagwira nafe ntchito zaka ziwiri zapitazo. Anafika asakudziwa ngakhale njira ya kulayini yapafupi. Ndine ndinamusonyeza powolokera mitsinje, ndine ndinamuuza nyumba zimene zili ndi agalu olusa, ndine ndinamuphunzitsa kupatsa moni m'Chilomwe kuti agogo a m'midzi ya m'malire amutsegulire zitseko.

"Inu mukudziwa kale zonse, mayi," a inichaji anapitiriza. "Tikakutumizani inu, mukangowaphunzitsa aphunzitsiwo. Uyu ndi amene akufunika akamve."

"Palibe vuto, asisitala," ndinayankha. "Mwaganiza bwino."

Vuto linalipo, lalikulu. Mawu otamanda a mtundu umenewu ndimawadziwa, amakukhutitsa m'makutu, m'manja n'kukusiya wopanda kanthu. Choipa china, pakamwa panga panali patathamanga kale. Amayi a kutchalitchi ndinali nditawauza kuti sabata yamawa asandiyembekezere. Mwana wanga wamkazi, amene ndimakhala naye pamodzi ndi kamwana kake, anali atakandibwerekera sutikesi kwa anansi. Madzulo amenewo ndinaibweza ndekha sutikesiyo, n'kunama kuti zipi yake ikuvuta.

Lamulungu masana mtsikana wa ku Goliati uja anabwera kwathu kudzatsazika. Anagwada pakhonde, mwaulemu ndithu, ndipo ulemu wakewo unandinyansa kuposa mwano.

"Amayi, ine ndikunyamuka. Muzindikumbuka m'mapemphero."

"Pita bwino, mwananga," ndinatero.

Ndinamukumbukadi, koma zimene ndinkamufunira sizinali zoti ungatchule pamaso pa Mulungu. Ngozi ayi, sindine mfiti. Ndinkangofuna minibasi iwafere panjira, afike mochedwa, apeze mipando yakutsogolo yatha. Ndinkafuna amufunse funso limodzi la matenda oyabwa, asowe chonena, wina afunse kuti kodi ku esiteti kuja kulibe wamkulu? Ndikulemba izi manyazi akundigwira, koma ndi mmene zinalili.

Sabata imeneyo inatalika ngati mwezi wa njala. Mtsikanayo ankaika zithunzi pa foni tsiku lililonse. Kuntchito ndinkanena kuti ine ndilibe nthawi yoonera zithunzi za ana, koma ndikangofika kunyumba ndinkakhala pa mpando n'kuzikulitsa ndi zala. Apa ali ndi baji ya dzina lake pachifuwa. Apa mbale ya masamusa, teni koloko m'mawa, anthu asanagwire ntchito iliyonse yotulutsa thukuta. Apa bedi la nsalu zoyera. Apa waima kutsogolo kwa anthu, cholembera m'manja, akuloza pepala lalikulu la pakhoma. Chithunzi chimenechi ndi chimene chinandibaya. Anthu amati nsanje ya rifuresha ndi ya alawansi. Sindikana, alawansi ndi yokoma. Koma chimene chinkandidya ine chinali choti mtsikana uja akufotokozera madokotala a kuboma za malayini anga, za mitsinje yanga, ndi nkhani zimene anazimva pakamwa panga tikuyenda, ndipo onse akumugwedezera mitu iyeyo.

Mwana wanga anandipeza tsiku lina ndikuyang'ana chithunzi chomwecho. Iye amathyola tiyi, ndipo anali atangofika, epuloni ya pulasitiki ikadali m'chiuno.

"Amayi, mwina zachita bwino. Mupumeko, bondolo likukuvutani."

"Bondo ndi langa," ndinamudula. "Ukafuna kupuma upume iweyo."

Anavula epuloni n'kulowa m'nyumba. Pakati pa ine ndi iye panali kale kanthu kena kosatha bwino, ndipo kanayamba ndi ndodo yomweyi. Chaka chapitacho, nditamaliza kugawa m'malayini, ndinayeza a m'nyumba mwanga. Mdzukulu wanga, kamtsikana kochepa thupi, kanaima pakhomo kopanda nsapato, ndipo mutu wake unakhudza mzere woyamba ndendende. Ndinasangalala ngati wapambana mayeso. Ndinatenga msomali n'kulemba kamzere pa felemu ya chitseko, pamene panalekeza mutu wake, kuti tizikumbuka tsiku limene anakwana.

"Amayi, uyutu ndi wamng'ono," mwana wanga anatero tsiku limenelo. "Bwanji adikire chaka chamawa?"

"Wa zaumoyo ndi iwe kapena ndine? Ndodo sinama."

Mwanayo anameza piritsi lake ndi phala. Kutacha nkhope inali itatupa, anasanza, ndipo anagona pamphasa masiku awiri osafuna kudya. Mayi ake sanapite kumunda masiku awiriwo, anangokhala pambali pake osandiyang'ana. Ine ndinati ndi mankhwala akugwira ntchito, zimachitika, ndaziona kambirimbiri. Tsiku lachitatu mwana anadzuka n'kuyamba kuthamangitsa nkhuku, nkhani n'kuthera pomwepo. Kamzere ka msomali kaja kanatsala pa felemu.

Lolemba linzake mtsikana wa ku Goliati anabwerera. Anali ndi tisheti yatsopano, chikwama chatsopano cha pamsana, ndi mabuku. Zimenezo ndinaziyembekezera. Chimene sindinayembekezere chinali chinthu chachitali chokulungidwa m'pepala chimene anatsika nacho mu ambulansi. Atachivundukula, linali thabwa loyezera, lopalidwa bwino, mizere yake yowala, kunsi kwake atakhomako kachitsulo. Onse anaunjikana kuligwiragwira. Ine ndinaliyang'ana mmene mkazi wamkulu amayang'anira mkazi wachiwiri akulowa ndi katundu pakhomo. Ndinapita kukaona ndodo yanga pakona pamene ndinaiimika, yakuda ndi thukuta la m'manja mwanga, ndipo ndinaigwira ngati wina akufuna kuilanda.

Pa kachipatala pathu pali mwambo. Munthu akabwera ku maphunziro amatula zimene wamva kwa otsala, Lachisanu masana pakhonde, odwala akatha. Ndi mwambo wabwino, ndipo ine ndemwe ndinkaulimbikitsa zaka zonsezi. Lachisanu limenelo ndinakumbukira mwadzidzidzi kuti kulayini yakutali kwambiri, kuseri kwa damu, kuli zimbudzi zofunika kuyendera. Ndinayenda mtunda wonsewo, bondo likundilirira, kukasuzumira m'zimbudzi zimene ndinali nditaziona kale mwezi womwewo. Ndinabwerera dzuwa litapendeka, mabenchi atabwezedwa kale mkati. Anzanga anandiuza kuti mtsikana uja anayankhula bwino zedi, za kayezedwe ka malungo, za masikito, za mwana wotentha thupi amene akukomoka.

"Ndiye kuti tsobola wakale sawawa eti?" ndinatero ndikuseka.

Palibe amene anaseka nane.

Lolemba m'mawa ndinali m'chipinda chosungira mankhwala, ndikulongosola mabotolo a mapiritsi a ulendo wa chaka chino. Mtsikana uja analowa n'kukankha chitseko pang'ono kuti ena asamve. Anaima manja kumbuyo.

"Amayi, Lachisanu tinakusowani. Pali china chake anatiuza ku treningi chokhudza ndodo zoyezera, ndiye ndimafuna tikambirane awiriwiri. Mungandibwerekeko yanuyo pang'ono, ndiiyeze ndi tepi?"

Ndinaika botolo pansi n'kumutembenukira.

"Uyeze ndodo yanga? Iwe? Pamene ndodo iyi inkayamba ntchito iwe unali kumsana kwa amako. Sabata imodzi ya masamusa yakusandutsa dokotala?"

"Pepani amayi, sikuti ndikunyoza, koma anati..."

"Anati, anati. Thabwa lakolo ukayezere aphunzitsi akowo. Yanga uisiye."

Anatuluka misozi ikulengeza m'maso. Ndikanakonda kunena kuti chisoni chinandigwira, koma likhala bodza. Ndinamva kukoma, ngati ndakanda poyabwa. Tsiku lonse ndinayenda mopepuka. Sindinafunse n'komwe kuti chimene anawauza chokhudza ndodozo n'chiyani. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinali nditalitafuna kale ndisakudziwa.

Tsiku loyamba logawa mapiritsi a inichaji analamula kuti tipite tonse awiri, ine ndi mtsikana uja. Zimenezo zokha zinandipweteka, chifukwa zaka zonsezi ndinkapita ndekha. Tinayambira pa shedi yopimira tiyi, pamene othyola amabwera masana ndi madengu awo kudzapimitsa masamba. Pamenepo umapeza anthu ambiri nthawi imodzi, ndipo pansi pake ndi pa simenti, posalala bwino. Tinaika matebulo awiri, ndowa ya madzi pakati. Anthu ankatula madengu, kuvula majombo, n'kusankha mzere woimapo. Mzere wanga unatalika mpaka kunja kwa shedi. Wa mtsikana uja unali ndi anthu ochepa, makamaka anyamata ofuna kuona tisheti pafupi. Ndinkaponya diso kumeneko pafupipafupi, ndipo mtima unkangoti myaa.

Zinayenda bwino mpaka anafika amayi awiri apachibale, mkulu ndi mng'ono wake, amene malayini onse amawadziwa chifukwa cha pakamwa. Wamkulu anaima pa mzere wanga. Mutu wake unafika pa mzere wachitatu, ndinamupatsa mapiritsi atatu. Mng'ono wake anaima pa mzere wina uja, n'kupatsidwa awiri. Asanameze anayang'anizana m'manja.

"Iii, dikirani kaye," wamkulu uja anakuwa. "Ife timabwerekana madiresi, msinkhu ndi umodzi. Nanga bwanji uyu thuu, ine firii? Wina apa akutibera kapena akutiwonjezera!"

Anagundanitsa misana pomwepo, anthu n'kuyamba kuseka. Kapitawo anaika dzanja pamitu pawo. Analidi ofanana ngati mabotolo a fanta. Mizere yonse iwiri inasweka, anthu anatizungulira.

Mtsikana wa ku Goliati anabwera pafupi nane n'kunong'ona. "Amayi, tiyeni tiwauze adikire, tikakambirane ku kiliniki."

Ankandibisira manyazi, tsopano ndikudziwa. Nthawi imeneyo ndinaona ngati akuthawa, ngati thabwa lake lija lagwidwa bodza pamaso pa anthu anga. Mpata umene ndinkaulakalaka kuyambira tsiku la kalata lija unali utafika, ndipo sindikanaulola kudutsa.

"Ayi, pompano," ndinatero mokweza kuti onse amve. "Kutsutsa galu n'kukumba. Bweretsa thabwa lakolo tione."

Anazengereza. Ndinapita ndekha kukalitenga pa tebulo lake, n'kuliimika pa simenti pambali pa ndodo yanga, zonse ziwiri zitagundana. Anthu anasendera.

Mizere sinakumane. Woyamba wanga unali pansi pa woyamba wake. Wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu, wachinayi, yonse inayi inatsika mofanana. Ndinaika dzanja pakati pa mizere iwiri yoyambayo, ndipo zala zitatu zinakwana bwinobwino.

"Lako ndi lolakwika," ndinatero. "Za kufakitale izi, amangopenta osayeza. Tepi ija unkaifuna ili kuti? Itulutse."

"Amayi..."

"Itulutse!"

Anaitulutsa m'chikwama chatsopano chija. Kapitawo anagwira kunsi, ine ndinakoka m'mwamba, chifukwa sindinafune kuti wina awerenge m'malo mwanga. Manambala a mizere inayi aja ndimawadziwa pamtima ngati pemphero. Pa thabwa lake onse anagwera pamalo pake. Pa ndodo yanga panalibe ndi limodzi lomwe.

Ndinaitembenuza ndodo ija kuti ndione kunsi kwake. Zaka zonsezi ndinali ndisanakuyang'anepo, nanga munthu amayang'ana kuphazi kwa ndodo? Tsiku limene ndinaipenta kunali kodulidwa mowongoka ndi sowo. Tsopano kunali kobulungira, konyenyeka, ngati kunsi kwa musi wakale. Miyala ya m'misewu ya esiteti, zitunda za ku Mphuka, mitsinje yonse ija, zinali zitaidya pang'onopang'ono, ine ndikuitsamira n'kumanyadira kulira kwake.

"N'zimene anatiuza, amayi," mtsikana uja anatero motsitsa mawu. "Si inu nokha. Akuti ndodo zambiri zakale zafupika chifukwa anthu amayendera. Ndiye anati tiziziyeza ndi tepi chaka chilichonse tisanayambe kugawa."

Kenako mayi wamkulu wa pakamwa uja anaomba m'manja.

"Aaa, ndiye ndodo nayonso imakalamba eti? Ife timati ndi ife tokha!"

Anthu anafa ndi phwete. Sikunali kuseka kwa nkhanza, ena mpaka anandigwira paphewa, koma kwa ine kunali ngati andivula chitenje pamsika. Mayi uja anabweza piritsi limodzi pa tebulo langa. Mzere unapangidwanso, umodzi wokha, kutsogolo kwa thabwa latsopano. Ine ndinatsala pa ndowa, ndikutunga madzi ndi kapu n'kumapatsira amene ayezedwa. Ena ankandipatsabe moni kuti amayi a ndodo, ndipo dzinalo linkandiwotcha m'makutu.

Ndinene zoona za mmene maganizo anga anayendera masana amenewo, chifukwa sanayende mwa Chikhristu. Poyamba ndinkangoganiza za manyazi anga, ndi mmene nkhaniyi ifikire kutchalitchi isanakwane sabata. Kenako ndinakwiyira mtsikana uja, kuti bwanji sanandiuze, ngakhale ndinkadziwa bwino lomwe kuti anabwera kudzandiuza ndipo ndinamuthamangitsa ngati galu wakuba. Za anthu amene ndinawawonjezera piritsi zaka zapitazi zinabwera pambuyo, ndipo ndinadzitonthoza kuti ndi akuluakulu, matupi awo analimba, palibe amene anadandaulapo. Ndikutsuka kapu yomaliza m'pamene ndinaona mayi wina akuimika kamwana kake pa thabwa lija. Mutu wa mwanayo sunafike pa mzere woyamba. Mtsikana wa ku Goliati anamusisita patsaya n'kunena kuti chaka chamawa. Kapu inandipulumuka m'manja n'kugwera mu ndowa.

Anthu atabalalika ndinapita pamene mtsikana uja ankalongedza katundu. Chiyambire ntchito ndinali ndisanamupemphepo kanthu.

"Undibwereke thabwa lakolo mpaka mawa."

Sanafunse chifukwa. Analipukuta ndi mpango n'kundipatsa ndi manja awiri. Ngakhale pamenepo kamtima kena kanati, taonani, akudzionetsa kuti ndi wabwino. Nsanje sichoka tsiku limodzi.

Ndinakwera chitunda cha kwathu thabwa lili paphewa ngati mwana wodwala, ndikusamala kuti lisakhudze pansi. Kudzanja linalo ndinkatsamira ndodo yanga yakale, imene tsopano inali ndodo chabe. Dzuwa linali likadalipo. Mwana wanga anali pakhonde akusadzula masamba a maungu, ndipo mdzukulu wanga ankasewera kuseri kwa nyumba ndi anzake. Sindinapereke moni. Ndinapita molunjika pakhomo, ndinaimika thabwa lija pa simenti pomwe mwanayo anaima chaka chatha, n'kuligundanitsa ndi felemu ya chitseko.

Kamzere ka msomali kanali pansi pa mzere woyamba. Ndinaikapo dzanja ngakhale ndinkadziwa kale. Zala zitatu.

Mwana wanga anali atasiya masamba aja. Anabwera kudzaima kumbuyo kwanga. Anayang'ana kamzere ka msomali, anayang'ana mzere wa pa thabwa, kenako dzanja langa lili pakati. Sanafunikire kumufotokozera.

"Unanena zoona," ndinatero ndisakumuyang'ana. "Anali asanafike."

"Ndinkadziwa, amayi," iye anayankha. Sanakweze mawu. "Ndimamusambitsa ndine."

Ndinafuna kunena kuti mwina kutupa kuja sikunali kwa piritsi, mwina anali malungo, mwina anadya china chake. Mwinadi. Mpaka lero sindikudziwa, ndipo palibe amene angandiuze. Koma mawu amenewo sindinawanene, chifukwa chimene ndinkadziwa chinali chokwanira: mayi wa mwana anandichenjeza, ine ndinamutseka pakamwa ndi ndodo yofupika, ndipo munthu amene akanandiuza zoona ndinamuthawa mpaka kuzimbudzi za kuseri kwa damu.

Mdzukulu wanga anatulukira akuthamanga, miyendo ili mbuu ndi fumbi. Ataona thabwa lowala lija maso anatuluka.

"Anganga, ndi lanu? Ndiyezeni! Ndiyezeni!"

Anavula yekha timasilipasi take n'kuima chilili, chibwano m'mwamba, monga ndinamuphunzitsira. Ndinaika chikhatho pamutu pake. Chaka chathunthu chinali chitadutsa, chaka cha phala ndi nthochi ndi madiresi ofupika, ndipo mutu wake unapitirira mzere woyamba ndi chala chimodzi chokha.

"Ndakwana, anganga?"

"Wakwana," ndinatero.

Botolo la mapiritsi linali m'thumba la yunifolomu yanga. Dzanja linapita lokha, mwachizolowezi. Mwana wanga anagwira mwana wake paphewa n'kumukokera kwa iye pang'onopang'ono.

"Asiyeni, amayi," anatero. "Mawa ndipita naye kwa asisi a ku Goliati aja. Akamupatse okha."

Ndinatulutsa dzanja m'thumba lopanda kanthu, n'kuvomera ndi mutu.